PA MKEKA PATHU: Laputopu ya magemu kapena yopepuka?

 

Mwezi wa Febuluwale ndi wa Julayi ukamayandikira, pamene mayunivesite a kuno ku Perth amatsegulira, mafoni athu sapuma. Funso limakhala lomwelomwelo: mwana wapeza malo ku Curtin, ku Edith Cowan, ku Murdoch kapena ku UWA, nanga timugulire laputopu yotani? Mwanayo amakhala atasankha kale. Akufuna ija yakuda, yonenepa, ya timagetsi tosinthasintha mitundu pa mabatani, imene amati ya magemu. Makolo amaona mtengo, mutu n'kuyamba kuwawa. Lero tati tikhale pansi tikambirane nkhaniyi modekha, popeza safunsa adadya phula.

Tiyambe ndi zimene tidaona ndi maso athu. Chaka chatha, titatuluka m'tchalitchi, mayi ena a m'gulu lathu adatikokera pambali. Mayiwa amagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Mwana wawo wamwamuna adali atangoyamba maphunziro a unamwino ndipo adawauza kuti sukulu ikufuna kompyuta yamphamvu. Mayiwo sadafune kuti mwana wawo achite manyazi pakati pa anzake, choncho adalipira madola opitirira 2,500, ena mwa iwo pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Patangotha miyezi iwiri, laputopu ija idasiya kutuluka m'nyumba. Idali yolemera, batire limatha kalasi yachiwiri isadathe, ndipo fani yake imalira m'laibulale mpaka anthu kumatembenuka. Mnyamatayo adayamba kulemba manotsi pa foni. Mayiwo adatifunsa kuti, "Kodi ndidalakwa pati?" Tidawayankha kuti cholakwa chidali chimodzi chokha: palibe adafunsa kuti makinawa adzagwira ntchito yanji, ndipo adzayenda nawo mtunda wotani tsiku lililonse.

Laputopu ya magemu ilibe mlandu. Idapangidwira ntchito yake. M'kati mwake muli kachipangizo kapadera kojambula zithunzi, kamene amati GPU, kawirikawiri ka Nvidia GeForce RTX. Kachipangizoka kamadya magetsi ambiri ndipo kamatentha kwambiri, n'chifukwa chake makinawo amafunika mafani akuluakulu ndi thupi lonenepa. Ambiri a mtunduwu, monga Lenovo Legion, ASUS TUF, Acer Nitro ndi HP Omen, amalemera makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka. Chaja chake n'chachikulu ngati njerwa, cha mawati 200 kapena kupitirira, ndipo nachonso chimalowa m'chikwama chomwecho. Chinthu china chimene ambiri sadziwa n'chakuti mphamvu zake zonse zimaoneka pokhapokha italumikizidwa kumagetsi. Mukaizula pa soketi imadzichepetsa yokha kuti batire lisathe msanga.

Laputopu yopepuka ya m'maofesi ndi yosiyana. Lenovo ThinkPad X1 Carbon imangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, MacBook Air ya mainchesi 13 ili pafupi ndi kilogalamu imodzi ndi kota. Zambiri zotere zilibe GPU yapadera, choncho sizitentha kwambiri, sizisokosa, ndipo batire limatha kukufikitsani madzulo. Chaja chake n'chaching'ono, cha USB-C, chimene chimatchajanso foni. Koma mukaipatsa gemu yaikulu ya masiku ano kapena chojambula chachikulu cha nyumba ya nsanjika, imapuma wefuwefu ngati ng'ombe yokoka ngolo yodzadza mchenga.

Tsono funso loyamba n'lakuti, kodi mwana akuphunzira chiyani? Wophunzira unamwino, zaumoyo wa anthu, uphunzitsi, malamulo, zowerengera ndalama kapena zamalonda amathera nthawi yake pa Word, Excel, PowerPoint, kuwerenga mabuku a pa intaneti ndi kuonera maphunziro ojambulidwa. Zonsezi laputopu yopepuka imachita popanda vuto. Amene akuchita uinjiniya, zojambula mapulani a nyumba, zamigodi, zopanga mafilimu kapena zopanga magemu enieniwo, nkhani yake ndi ina. Mapulogalamu monga SolidWorks ndi Revit amafuna makina amphamvu, ndiponso amayenda pa Windows basi, kotero MacBook siingamuthandize mosavuta. Komabe ngakhale pamenepa tisathamange. Ku Curtin ophunzira uinjiniya amayamba ndi chaka chimodzi cha maphunziro ofanana asadasankhe nthambi yawo, ndipo mayunivesite ali ndi zipinda za makompyuta zokhala ndi mapulogalamu okwera mtengowa. Mwana ayambe wafunsa ku dipatimenti yake, aonenso zimene zalembedwa pa ndondomeko ya phunziro lililonse, ndalama zisadatuluke m'thumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lachiwiri n'la mtunda. Mzinda wathu uno ndi wautali. Mwana wokhala ku Butler amene amaphunzira ku Bentley amakwera sitima kufika m'tauni, kenako sitima ina kapena basi, ulendo wopitirira ola limodzi kupita kokha. Ambiri mwa ophunzira athu akatuluka m'kalasi sabwerera kunyumba, amalunjika kuntchito. Amene ali pa viza ya ophunzira amaloledwa kugwira ntchito maola 48 pa masabata awiri nthawi ya sukulu, lamulo limene lidayamba pa 1 Julayi 2023, ndipo ambiri amawagwiritsa ntchito onsewo kuti apeze ya lendi. Choncho m'chikwama mumakhala yunifolomu, nsapato zakuntchito, chakudya ndi botolo lamadzi. Onjezanipo makilogalamu atatu a laputopu ndi chaja chake, pa dzuwa la Febuluwale limene nthawi zina limapitirira madigiri 40. Katundu wotere amanyamulika sabata yoyamba yokha. Ndipo laputopu imene yatsala kunyumba siithandiza mwana amene ali ndi ola limodzi lokha lolembera ntchito yake pakati pa kalasi ndi shifiti.

Funso lachitatu ndi la kwa ana athu, ndipo tikupempha kuti atiyankhe moona. Ngati chimene ukufuna ndi kusewera mpira wa pa kompyuta kapena Fortnite, nena choncho. Kusewera si tchimo. Ifenso tidasewera bawo ndi mpira wachikulunga mpaka mdima, ndipo tikudziwa kuti kwa mwana wokulira kutali ndi kwawo magemu ndi bwalo limene amakumanirapo ndi anzake, ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe. Koma kubisa chilakolako cha magemu kumbuyo kwa dzina la sukulu n'kulakwira kholo limene likugona maola anayi kuti iwe uphunzire. Mukakambirana poyera njira imapezeka. Mabanja ena agula laputopu yopepuka ya sukulu, ndipo mwana wadzisungira yekha ndalama zogulira PlayStation kapena Xbox kuchokera ku ganyu yake ya patchuthi. Nthawi zambiri ziwirizi pamodzi sizifika pa mtengo wa laputopu yapamwamba ya magemu. Ubwino wina ndi wakuti magemu amatsala pabalaza, satsatira mwana m'laibulale sabata ya mayeso. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Tinenenso za kagulidwe. Mukalowa mu JB Hi-Fi, Officeworks kapena Harvey Norman, musayang'ane kuwala kwa sikirini kokha. Funsani za RAM, ndipo masiku ano 16GB ndiyo poyambira pabwino. Laputopu zambiri zopyapyala zili ndi RAM yomatiriridwa imene simungawonjezere pambuyo pake, choncho imene mwagula ndi yomweyo mpaka kalekale. Posungira zinthu pakhale SSD ya 512GB ngati thumba likulola. Inyamuleni m'manja, ndipo pemphani kuti akuonetseni chaja chake. Funsaninso za mtengo wa ophunzira, chifukwa makampani monga Apple, Lenovo, Dell ndi HP amachotserako ophunzira a kuyunivesite. Ngati simuli pachangu, mitengo imatsika m'mwezi wa Juni, pamene chaka cha zachuma cha dziko lino chikutha pa 30 Juni, komanso kumapeto kwa Novembala. Musagule Microsoft Office musadafunse, popeza mayunivesite amaipereka kwa ophunzira awo kwaulere.

Kwa amene thumba lili lopyapyala, pali njira ina imene ife taiona ikuthandiza. Makampani akuluakulu ndi maofesi amasintha makompyuta awo pakatha zaka zingapo, ndipo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook zakalezo zimakonzedwanso n'kugulitsidwa pa mtengo wotsika kwambiri. Makinawa ndi olimba ndipo zipangizo zake zimapezeka. Chenjezo n'limodzi. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, choncho onetsetsani kuti imene mukugula ikuyenda ndi Windows 11. Kwa za Intel, izi zikutanthauza purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa pamenepo. Funsaninso za moyo wa batire.

Sungani lisiti, ndipo ijambuleni pa foni chifukwa inki yake imafufutika. Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Australian Consumer Law, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2011, limati katundu wogulidwa ku sitolo ayenera kukhala wabwino ndi wokhalitsa molingana ndi mtengo wake, ndipo ufulu umenewu sutha chifukwa chakuti waranti ya chaka chimodzi yatha. Mukavutana ndi wogulitsa, ofesi ya boma ya Consumer Protection ya kuno ku Western Australia imathandiza. Koma mukagula kwa munthu wamba pa Gumtree kapena Facebook Marketplace, chitetezo chambiri chotere palibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iyatseni, iyeseni, ndipo onetsetsani kuti mwini wake wachotsamo akaunti yake musadapereke ndalama.

Pomaliza tiganizire za kumudzi, chifukwa tonse tikudziwa kumene laputopu zathu zimathera. Mwana akamaliza maphunziro, makinawo amakwera ndege kupita kwa mng'ono wake ku University of Malawi, ku MUBAS, ku Bunda kapena ku Mzuzu. Kumeneko magetsi akazima, wopambana ndi amene batire lake limakhalitsa. Laputopu yopepuka ya USB-C ikhoza kutchajidwa ndi sola yaing'ono kapena power bank yamphamvu, pamene ya magemu imafuna soketi ndi magetsi okwanira. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana kuno ndi kwathu, mavoti 230, koma mapulagi ndi osiyana, choncho musaiwale adaputala ya mano atatu aakulu aja. Laputopu iyende nanu m'chikwama cha m'manja chifukwa cha batire lake, ndipo kumbukirani kuti ndege zambiri zimalola makilogalamu 7 okha m'manja. Ngati mukugula yatsopano yoti mukasiye kwathu, iguleni m'masiku 60 omaliza musadanyamuke. Katundu wa madola 300 kapena kupitirira wochokera ku sitolo imodzi mukhoza kubwezeredwa msonkho wake wa GST pabwalo la ndege kudzera mu Tourist Refund Scheme, mukaonetsa katunduyo, lisiti, pasipoti ndi chiphaso chokwerera ndege.

Maganizo athu tsono ndi awa. Kwa ophunzira ambiri a m'gulu lathu, laputopu yopepuka ndiyo yoyenera, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku lendi, mabuku ndi SmartRider. Ya magemu igulidwe pamene maphunziro akuifunadi, dipatimenti itatsimikiza, kapena pamene mwana akulipira yekha akudziwa kulemera kwake.

Za mayi aja, nkhani idatha bwino pang'ono. Laputopu ija adaigulitsa kwa mnyamata wina wa m'gulu lathu lomweli amene akuchita uinjiniya wa zamigodi, ngakhale adaluzapo madola mazana angapo. Mwana wawo adagula ThinkPad yokonzedwanso, ndipo ngongole yotsalayo akuthandiza kubweza yekha kuchokera ku ntchito yake ya Loweruka.

Amene muli ndi laputopu yakale imene ikungogona m'kabati, tabwerani nayo ku msonkhano wathu wotsatira. Achinyamata athu odziwa za makompyuta adzaiona, ndipo ikakhala yabwino tidzaipereka kwa wophunzira amene wangofika kumene. Mutu umodzi susenza denga.

Tsalani bwino, tidzakumananso pa mkeka pano m'kalata yotsatira.