Bwalo la ku Boston limene anakana kuligwetsa

Masapota a Liverpool, muli ndi achibale ku America amene mwina simuwadziwa. Kampani imene inagula timu yanu mu 2010, yomwe lero imatchedwa Fenway Sports Group, inatenga dzinali ku Fenway Park, bwalo la baseball la timu ya Red Sox mumzinda wa Boston. Bwana wamkulu wa matimu onse awiri ndi mmodzi, John Henry. Chibale chimenechi ndicho chinandikokera kubwaloli nditafika ku Boston, ndipo ndinatulukako ndi maganizo ena pa nkhani ya zinthu zakale.

Ukatsika sitima pa siteshoni ya Kenmore, suchita kufunsa njira. Umangotsatira chinamtindi cha anthu ovala zipewa za chilembo B. Bwalolo silionekera patali, lapanikizika pakati pa misewu, mabala ndi malo odyera, ndipo khoma lake la njerwa silikopa maso. Koma ukakwera masitepe n'kutulukira mkati, kapinga wake amakusiya kukamwa kuli yasa.

Linatsegulidwa pa 20 April 1912, patangopita masiku ochepa sitima ya Titanic itamira, ndipo mu ligi yaikulu ya baseball mulibe bwalo lakale kuposa ili. Limalowa anthu osakwana 38,000. Mipando ina ndi yamatabwa, ya m'ma 1930, ndipo mizati yachitsulo yochirikiza denga ikadali chiimire pakati pa oonera. Kumanzere kuli chikhoma chobiriwira chotalika mamita 11 chotchedwa Green Monster. Chinamangidwa chifukwa kuseri kwake kukudutsa msewu wa Lansdowne, malo otambasulira bwalo panalibe. M'munsi mwa chikhomacho muli bolodi la zigoli, ndipo mpaka lero muli anthu mkatimo amene amasintha manambala ndi manja.

Ife ozolowera mphindi 90 za mpira wamiyendo, baseball imatiyesa mtima. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo palibe wotchi yonena kuti athe. Woponya aponya kampira, womenya aphonya, onse apuma, ayambanso. Mu 2023 anachita kuika malire a masekondi kwa woponya kuti zinthu zizifulumirako. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pachaka, 81 pakwawo, choncho kugonja lero si maliro. Anthu amabwera kudzacheza. Amaswa mtedza makoko n'kumataya pansi, amadya soseji ya mu buledi, ndipo achikulire ena amalemba ndi pensulo chilichonse chochitika pabwalo. Kampira kakagwera kwa oonera, wakatola ndi kake, ndipo akulu ambiri amapatsira mwana amene ali pafupi. Pakati pa chigawo cha 8 bwalo lonse limaimba nyimbo ya Neil Diamond yotchedwa Sweet Caroline, kaya timu ikupambana kaya ikukwapulidwa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kulikonse kumene ungayang'ane kuli nkhani. Pakati pa mipando yobiriwira ya kumanja pali umodzi wofiira. Pamenepo ndi pamene panagwera kampira kamene wosewera wa Red Sox Ted Williams anamenya pa 9 June 1946, mtunda wa mamita 153. Makolo amalozera ana awo mpandowo, ana n'kudziwa munthu amene anasiya kusewera agogo awo akadali anyamata. Amawauzanso za zaka 86 za chilala, kuyambira 1918 mpaka 2004, pamene Red Sox sinatengepo chikho, zimene masapota ankati ndi tsoka lobwera chifukwa chogulitsa katswiri wawo Babe Ruth ku New York Yankees.

Zonsezi zikanatha. Mu 1999 eni timu a nthawi imeneyo analengeza zomanga bwalo latsopano pafupi pomwepo. Masapota ena anadzuka n'kukana. Gulu la Henry litagula timuyi mu 2002 linasankha kukonza lomwe lilipolo pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Mu 2003 linaika mipando pamwamba pa Green Monster, ndipo lero ndi ina mwa mipando yolimbiranidwa kwambiri. Ku Liverpool anachitanso chimodzimodzi. Anasiya mapulani osamukira ku Stanley Park n'kukulitsa Anfield, ndipo sitandi yaikulu yokonzedwayo inatsegulidwa mu 2016. Awa ndi anthu a bizinesi, sachita zinthu chifukwa cha chisoni. Anawerengera n'kuona kuti mbiri imagulitsa matikiti, ndipo njerwa zatsopano sizibwera ndi mbiri.

Komabe kusunga zakale kuli ndi msampha wake, chifukwa si zonse zakale zimene n'zokoma. Mu April 1945 wosewera wakuda Jackie Robinson anabwera kudzayesedwa pa Fenway pomwepa, koma sanamutenge. Mu 1947 anayamba kusewerera Brooklyn Dodgers n'kuthyola tsankho limene linkatsekera anthu akuda kunja kwa ligi yaikulu. Red Sox inakhala timu yomalizira kulola wosewera wakuda, Pumpsie Green, mu 1959. Mwini timu zaka zonsezo anali Tom Yawkey, ndipo msewu wa pakhomo pa bwaloli unakhala ndi dzina lake kwa zaka zambiri. Mu 2018 timu yomweyo inapempha akuluakulu a mzinda kuti dzinalo lichoke, msewu n'kubwerera ku dzina lake lakale la Jersey Street. Nambala 42 ya Robinson, imene ligi yonse inaipumitsa mu 1997, yapachikidwa m'bwalomo pamodzi ndi manambala a akatswiri a Red Sox, pamalo pomwe anamukanira.

Alipo amene anadandaula kuti kuchotsa dzina la Yawkey n'kufufuta mbiri, poti chuma chimene anasiya chathandiza zipatala ndi mabungwe ambiri a ku Boston. Ine ndikuona kuti timuyi inachita bwino. Chikhoma, bolodi ndi mpando wofiira zimauza mwana zimene zinachitika. Dzina la msewu limauza mwanayo woyenera kumulemekeza, ndipo mbadwo uliwonse uli ndi ufulu woliunikanso funso limenelo. Wosamalira malo akale ali ndi ntchito ziwiri: kukhoma msomali pamene pagwedera, ndi kusankha mayina oyenera kukhala pakhomo. Ku Boston ntchito yoyamba anaiyamba mu 2002, yachiwiri inawatengera zaka zina 16.