Pamene oyimba aphokoso anatsitsa mawu

Amene munaonerako CSI pa kanema mukulidziwa kale gulu la The Who, ngakhale dzinalo likhale lachilendo kwa inu. Nyimbo zimene zimatsegulira CSI, CSI: Miami ndi CSI: NY ndi zawo. Anali anyamata anayi a ku London: Roger Daltrey woyimba, Pete Townshend wa gitala amenenso ankapeka nyimbo zambiri, John Entwistle wa besi, ndi Keith Moon wa ng'oma. Anatchuka ndi phokoso komanso kuphwanya zida zawo pamaso pa anthu akamaliza kuyimba. Pa 31 May 1976, pa bwalo la mpira la Charlton, phokoso lawo linafika madesibelo 126, mpaka buku la Guinness linawalemba kuti ndiwo aphokoso koposa onse.

Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu October 1975, anthu omwewa anali atatulutsa chimbale cha The Who by Numbers. Okonda gululi akamatchula zimbale zake zikuluzikulu amayamba ndi Tommy cha 1969, Who's Next cha 1971 ndi Quadrophenia cha 1973. Ichi amachilumpha, kapena amachitchula ngati mwana wa mlamu. Sikuti sichinagulidwe, ayi, chinafika pa nambala 7 ku Britain ndi pa nambala 8 ku America. Koma chikondi chimene zinzake zinalandira ichi sichinachione. Ine ndikuti anachilakwira.

Townshend anabadwa mu May 1945. Ndiye kuti pamene ankajambula nyimbozi ku Shepperton, iye anali akukwanitsa zaka 30. Kwa ife zaka 30 ndi poyambira pomwe, munthu wangogula kumene malata oyamba. Kwa iye zinali ngati chigamulo cha khoti. Zaka khumi m'mbuyomo, mu nyimbo ya My Generation, anali atapatsa achinyamata mawu onyoza ukalamba. Tsopano iye mwini anali bambo wapabanja, wandalama, womwa mowa mopitirira, akudzifunsa ngati sakunamiza ana a eni ake akamadumpha ndi gitala pa siteji. Chaka chomwecho filimu ya Tommy inali itatuluka, dzina la gululi lili paliponse. Kunja chikondwerero, m'nyumba munthu akuwola mtima.

Zimbale ziwiri zija, Tommy ndi Quadrophenia, ndi nthano zazitali. Wopeka amabisala kumbuyo kwa mnyamata wongopeka, ndipo zowawa zonse amasenzetsa mnyamatayo. Mu By Numbers mulibe wosenza katundu. Townshend akudzinena yekha.

Tamverani nyimbo ya However Much I Booze. Mutu wake womwe ukunena za mowa. Mkatimo munthu akudziulula kuti ndi wonama, wodzikweza, ndipo botolo silikumutulutsa m'dzenje lomwe walowa. Chodabwitsa n'chakuti kayimbidwe kake nkosangalatsa, gitala ikudumphadumpha ngati ya pa ukwati. Ukapanda kutchera khutu ku mawu ukhoza kuvina. Daltrey, amene ntchito yake inali kuyimba zopeka za mnzakeyo, iyi anaikana. Inali ya munthu mmodzi kwambiri moti sikanakwana pakamwa pa wina. Townshend anaiyimba yekha.

Apa ndi pamene chimbalechi chimandigwira. Gulu ili linali ndi dongosolo lachilendo: wina alembe za mumtima mwake, wina aziyimbe ngati zake. Awiriwa sankagwirizana kwenikweni nthawi imeneyo, ankayankhana ngakhale m'manyuzipepala. Komabe mverani How Many Friends, mmene munthu akuwerenga anzake n'kupeza kuti ambiri amamukonda chifukwa cha dzina. Akuyimba ndi Daltrey, ndipo akuyimba ngati bala ndi lake. Munthu amene mwakangana naye dzulo, lero akulira maliro ako bwino kuposa iwe mwini.

Ndivomere, ulendo woyamba chinanditopetsa. Ndinachipeza pa memori khadi imene mnzanga anandikopera, ndipo ndinkachimvera usiku ndikuchonga makope a Fomu 3 pa nyali ya sola. Mwezi umenewo malipiro anali atachedwa. Ndinadzifunsa kuti kodi mzungu wa mamiliyoni ameneyu akudandaula chiyani? Funsoli silinathe mpaka lero, ndipo amene amati chimbalechi ndi kudzimvera chisoni kwa munthu wokhuta sakunama kotheratu. Ngakhale m'gulu momwemo munali woseka. Entwistle anaikamo nyimbo yake, Success Story, yoseka moyo wa oyimba otchuka, ndipo ndi iye anajambula chikuto: zithunzi za anayiwo zosamaliza, zokhala ndi timadontho ta manambala toti wogula alumikize yekha ndi pensulo ngati m'buku la ana.

Chimene chinandibweza ndi chakuti Townshend sakupempha kuti timumvere chisoni. Akudziimba mlandu, umboni akupereka yekha, ndipo sakudzikhululukira. Amuna a msinkhu wanga timadziwa kukamba za mpira, za ndale, za mtengo wa feteleza. Za mantha akuti mwina zimene tinkalonjeza tili anyamata zatipitirira, zimenezo timazisiya pansi pa tebulo pamodzi ndi mabotolo. Kumva munthu wotchuka chifukwa cha ukali akuzitulutsa poyera kumachititsa manyazi pang'ono, ngati walowa m'chipinda osagogoda.

Anthu ambiri anatolamo nyimbo imodzi yokha, Squeeze Box, ya nthabwala za akuluakulu zobisika m'nkhani ya akodiyoni. Ndi imene inamveka pa wailesi, n'kufika pa nambala 10 ku Britain. Si yoipa, koma kuweruza chimbale chonse ndi iyo kuli ngati kuweruza maliro ndi nthabwala za adzukulu.

Ine ndimakonda Blue Red and Grey. Mulibe ng'oma, mulibe kukuwa. Muli Townshend ndi ukulele, kagitala ka zingwe zinayi, ndi malipenga ofatsa a Entwistle kumbuyo. Munthu amene wakhala akudzitukwana chimbale chonse akungonena kuti nthawi iliyonse ya tsiku amaikonda. Mwini wake sankafuna kuti ilowe m'chimbale. Anaumirira ndi Glyn Johns, amene ankayang'anira kujambulako, ndipo anachita bwino.

Olemba ena atamva nyimbozi ankati zikumveka ngati kalata ya munthu wotsanzika dziko. Townshend sanatsanzike, anapitiriza kupeka ndi kuyimba zaka makumi ambiri. Amene anapita ndi Keith Moon, woseketsa wa gululo, yemwe sanalembe nyimbo yodandaula ndi imodzi yomwe m'chimbalechi. Anamwalira ku London mu September 1978 ali ndi zaka 32, atamwa mopyola muyeso mapiritsi amene anapatsidwa kuti amuthandize kusiya mowa.