Chopaka choteteza zibangili ndi mikanda yamtengo ku madzi

Mtengo umamwabe madzi ngakhale utasemedwa kale kukhala chibangili, mphete kapena mkanda. Ukanyowa umafufuma, ukauma umaphwa, ndipo kusinthasintha kumeneku ndiko kumabweretsa ming'alu. Choncho chokongoletsera chimene chimakumana ndi sopo tsiku ndi tsiku chimafuna chopaka chotseka mtengo mbali zonse.

Phula la njuchi ndi mafuta zimawalitsa mtengo mokoma, koma sopo amazichotsa msanga, kotero kuti mwini wake amayenera kupakanso kawirikawiri. Vanishi ya polyurethane, yomwe ikauma imasanduka khungu lolimba losalowa madzi, imapirira kwa nthawi yaitali, makamaka ikapakidwa pang'onopang'ono kangapo, wosema akudikira kuti iume ndi kukwecha mopepuka ndi sandipepala asanapakenso. Phingo, mtengo wakuda uja amaukonda osema, uli ndi mafuta akeake amene amalepheretsa vanishi kugwira, ndiye umayamba wapukutidwa ndi sipiriti.

Malo amene amaiwalika ndi chiboo cha mkanda modutsa ulusi, pomwe madzi amalowera mosavuta. Chopaka chiyenera kutseka mtengo mbali zonse, ndi m'chiboo momwe.

Pogula mkanda wamtengo, suzumirani m'chiboomo ndipo mufunse wosema chimene wapaka.