ANTHU NDI NCHITO ZAO: Olmsted, Mkonzi wa Minda Yopumulirako

A Frederick Law Olmsted anabadwa m'caka ca 1822 ku Hartford, m'dziko la America. Poyamba anali mlimi, pambuyo pake nakhala mtolankhani amene analemba za kuipa kwa ukapolo. M'caka ca 1850 anaceza ku Birkenhead, ku Mangalande, kumene anazizwa poona olemera ndi osauka alikupumula m'munda umodzi wa anthu onse.

Zimenezi zinawakhala pamtima. M'caka ca 1858, iwo pamodzi ndi a Calvert Vaux anapambana mpikisano wolinganiza munda wa Central Park ku New York, nyumba zisanadzaze malowo. Anakumbitsa maiwe, nalambula tinjira, nabzalitsa mitengo yambirimbiri. Iwo anamwalira m'caka ca 1903, koma mundawo, wa maekala 843, ulipobe pakati pa nyumba zosanja.

Chipata anapatsidwa ulemu wa mzinda waukulu m'caka ca 2017, ndipo nyumba zilikukwera m'mapiri omuzinga. Nkofunika kuti akuluakulu a khonsolo apatuliretu malo a mithunzi, makamaka m'mbali mwa Lunkhwakwa ndi pa phiri la Kanjala, pakuti malo akamangidwapo sabwereranso. Akale anati m'mera mpoyamba.