Pogula kompyuta musangoyang'ana dzina la bodi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi abale anga a ku Dowa ndi ku Ntchisi kudzera pa tsamba lanu la makalatali. Ine ndine mmisiri wolumikiza ndi kukonza makompyuta pa Mponela. Aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi achinyamata ofuna kutsegula malo otayipira makalata kapena oikira nyimbo m'mafoni amandifunsa funso limodzi nthawi zonse: kodi motherboard yodalirika ndi ya kampani iti? Ndati ndiyankhire pano kuti wa ku Malomo ndi wa ku Mvera amvere limodzi.

Motherboard, imene amisirife timangoti bodi, ndiyo chimake cha kompyuta. Purosesa, RAM, disiki ndi mawaya a magetsi zonse zimakumana pamenepo. Bodi ikapsa kompyuta yaima, ndipo nthawi zina imapsa pamodzi ndi purosesa yomwe.

Makampani odziwika opanga mabodi alipo anayi ndipo onse ndi a ku Taiwan. Gigabyte ndi MSI anayamba m'chaka cha 1986, ASUS mu 1989, pamene ASRock inabadwa mu 2002 kuchokera ku ASUS. Mukagula bodi yatsopano ya imodzi mwa makampani amenewa simunalakwe. Chimene ndikukuletsani ndi mabodi otchipa opanda dzina lomveka, amene ena mwa iwo amapangidwa ndi tizipangizo tozulidwa m'makompyuta akale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe dzina palokha si chishango. Pakati pa 1999 ndi 2007 makompyuta ambirimbiri a makampani otchuka anafa chifukwa timigolo tosunga mphamvu ya magetsi pa bodi, totchedwa makapasita, tinkatupa ndi kuchucha. Mu 2005 kampani ya Dell inaika padera madola 300 miliyoni okonzera vuto lomweli. Kampani ya ABIT, imene amisiri ankailumbirira, inasiya kupanga mabodi kumapeto kwa 2008, ndipo Intel yomwe inalengeza mu 2013 kuti ikusiya kupanga mabodi a makompyuta a pa tebulo. N'chifukwa chake ndikuti kwa ife a kumapiri kuno pali zinthu zitatu zofunika kuposa dzina.

Choyamba, funsani ngati zipangizo zolowa pa bodiyo zimapezeka ku Lilongwe. Bodi iliyonse ili ndi soketi yake, ndipo purosesa ya soketi ina siingalowe pa inzake. Soketi ya AM4, ya mapurosesa a AMD, inatuluka mu 2016 ndipo mapurosesa oyenerana nayo ndi ochuluka, atsopano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Imagwiritsa ntchito RAM ya DDR4. Soketi ya AM5 ya mu 2022 imangolola DDR5 basi. Intel ndiye imasintha masoketi pafupipafupi: LGA1200 mu 2020, LGA1700 mu 2021, LGA1851 mu 2024. Gulani bodi ya muyeso wa ATX kapena micro-ATX kuti ikafa, ina iliyonse ya muyeso womwewo ikwane m'bokosi lomwelo. Makompyuta akale a m'maofesi a kunja amene adzaza m'mashopu ndi olimba ndithu, koma ambiri ali ndi bodi ndi mapulagi a mtundu wawowawo, moti chikafa chimodzi mudzayendayenda m'tauni osachipeza. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna bodi yokhala ndi TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. Sukulu imene ikugula makompyuta akale kuposa pamenepa idziwiretu zimenezi.

Chachiwiri ndi magetsi. Mabodi ambiri amene amafika pa benchi panga sanafe ndi ukalamba ayi, aphedwa ndi magetsi obwera mwamphamvu akatha kuzima, mphenzi za dzinja, ma inveta otchipa a sola ndiponso fumbi la mu Okutobala limene limatseka mafani mpaka bodi kutentha. Munthu amalolera kugula bodi yodula kenaka n'kuimangirira ku power supply ya mtengo wa nkhuku. Kumeneko n'kumanga nyumba ya malata pa maziko a mchenga wa kudambo. Bola bodi yapakatikati, ndalama yotsalayo igule power supply yabwino, chotetezera ku magetsi amphamvu ndi UPS. Mvula ikayamba kugunda ku mapiri, zulani pulagi kukhoma, osangothimitsa. Puntani fumbi miyezi ingapo iliyonse. Ndipo kompyuta ikayamba kuiwala tsiku ndi nthawi musathamangire kunena kuti bodi yatha, nthawi zambiri kamakhala kabatire kozungulira ka CR2032 komwe mtengo wake ndi wochepa.

Chachitatu ndi wogulitsa. Kampani ya ku Taiwan simudzaiona, amene mudzamuone ndi mwini shopu. Muuzeni ayatse kompyutayo inu mukuona, alembe nambala ya bodi pa lisiti, alembenso miyezi imene adzakusinthireni ikafa. Akakana, tulukani. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo, tsono kugula bodi kawiri si masewera kwa mnyamata amene mpamba wake ndi ndalama ya fodya kapena soya ya makolo ake. Mukaberedwa, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission kapena ku CAMA, koma popanda lisiti mudzayambira pati?

Pomaliza ndipemphe makomiti a sukulu, makamaka a ma CDSS, kuti popita kukagula makompyuta ndi ndalama zimene makolo asonkha azitenga mmisiri. Amisiri alipo, ngakhale ku Dzaleka komwe kuli achinyamata odziwa bwino makompyuta. Safunsa anadya phula. Akufuna kwabwino ndi aphungu amene amapereka makompyuta ku sukulu zathu aziperekanso UPS ndi kandalama kokonzetsera, chifukwa mphatso imene yafa pakutha pa teremu imodzi imangodzaza chipinda chimene ana akanaphunziriramo. A TEVETA nawonso achulukitse maphunziro a kakonzedwe ka makompyuta m'maboma athu awiriwa kuti munthu wa ku Nthondo asamakwere galimoto mpaka ku Lilongwe chifukwa cha kabatire kamodzi.



Mmisiri wokhudzidwa,
Mponela, Dowa.