Tisheti ya chipani pa esiteti ya tiyi: mphamvu za mwini malo zimalekeza pati?

MUTARE - Msonkhano waukulu wa chipani cholamula cha Zanu-PF, umene unachitikira mumzinda uno mu Okutobala 2025, unamanga mfundo yoti Pulezidenti Emmerson Mnangagwa akhale pampando mpaka chaka cha 2030 m'malo motula pansi udindo mu 2028. Ku Zimbabwe mfundo yotere sichedwa kuchoka papepala n'kukakhala pansalu. Aphungu asanayambe n'komwe kuikambirana, imakhala italembedwa kale pa zipewa, pa zitenje ndi pa matisheti amene amagawidwa mwaulere pamisonkhano, ndipo otsutsana nayo nawonso amasindikiza zawo.

Zovala zimenezi zimayenda mtunda wautali. Zimafika kwa Mandeya m'chigwa cha Honde, kumpoto kwa Mutare, kumene kuli maesiteti a Eastern Highlands, Aberfoyle ndi Katiyo kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Zimafikanso ku Chipinge, chakum'mwera, kumene tiyi anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1920 ndipo kampani ya Tanganda ili ndi maesiteti monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. Zikafika pa geti ya esiteti zimadzutsa funso limene limavuta m'maiko ambiri: kodi mwini malo ali ndi mphamvu youza munthu kuti avule chovala chifukwa cha mawu olembedwa pachifuwa pake?

Kumzinda funsoli limayankhika mosavuta. Mwini hotela kapena malo achisangalalo angathe kukana makaka a zipani pamalo pake, ndipo wobwezedwa pakhomo amangopita kwina. Esiteti ya tiyi siili choncho. Wothyola tiyi amagwira ntchito m'munda wa kampani, amagona m'nyumba ya kampani ku komboni, amatunga madzi pampopi wa kampani, ndipo kawirikawiri sukulu ya ana ake, chipatala, bwalo la mpira ndi malo omwera mowa zimakhala pa nthaka yomweyo. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Blair Rutherford, amene anafufuza za antchito a m'mafamu a ku Hurungwe m'zaka za m'ma 1990, anasonyeza kuti mwini famu ankalamulira antchito ake ngati boma la pakhomo: ankaweruza milandu ya m'banja, ankasankha woti alowe ndi woti atuluke. Pamalo otere lamulo la kavalidwe limamutsatira munthu mpaka pachingwe choyanikira zovala.

Kwa mabanja ambiri a m'makomboni nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. Makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia kudzagwira ntchito imene anthu a m'deralo ankaikana chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo analibe mudzi wothawirako zinthu zikavuta. Mu Disembala 1976, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, antchito 27 a pa esiteti ina ya tiyi m'chigwa cha Honde anaphedwa usiku umodzi mabanja awo akuona. Ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Boma la Ian Smith linaloza chala omenyera ufulu, pomwe iwowo anati anali asilikali a boma. Phunziro limene otsala anatolapo linali loti munthu wa pa esiteti angathe kufa chifukwa cha mbali imene ena akumuganizira kuti ali, iye asanatsegule pakamwa.

M'chaka cha 2000 kuganizirana kumeneku kunapeza chizindikiro chooneka ndi maso. Boma litagonja pa referendamu ya malamulo oyendetsera dziko mu Febuluwale chaka chimenecho, linakhulupirira kuti alimi achizungu anakokera antchito awo, amene panthawiyo analipo oposa 300,000 m'dziko lonse, kukavotera mbali ya chipani chatsopano cha MDC. Magulu amene ankalanda mafamu ankafufuza m'nyumba za m'makomboni, ndipo tisheti ya chikhatho chotambasula ikapezeka inkawotchedwa pagulu, mwini wake n'kumenyedwa. Mabungwe oona za ufulu wa anthu analemba zambiri za nkhanza zimenezi. Chaka chotsatira lamulo la unzika linasinthidwa kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina ayambe waukana unzikawo, ndipo ana ambiri a anthu obwera, obadwira m'Zimbabwe momwemo, anataya mwayi wovota pa chisankho cha 2002.

Pa chisankho chachibwereza cha pa 27 Juni 2008 zinthu zinatembenuka. Nthawi imeneyo tisheti kapena mpango wa Zanu-PF unasanduka chitupa choyendera. Anthu amene mu Malichi anavotera otsutsa ankavala nkhope ya Robert Mugabe kuti adutse pa zipata za achinyamata a chipani popanda kukwapulidwa, ndipo oyendetsa galimoto ankapachika mipango pa magalasi. Owerenga a ku Malawi akumbukira nthawi ya Kamuzu Banda, pamene mayi ankavala chitenje cha nkhope ya Ngwazi popita kukavina, ndipo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi.

Mbiri imeneyi ikusokoneza maganizo a amene amaona chovala cha mawu ngati liwu la mwini wake basi. Ku komboni tisheti ingakhale chikhulupiriro, ingakhale chishango, ndipo nthawi zambiri imangokhala malaya. Munthu wolandira malipiro a pa esiteti sakana nsalu yaulere, ndipo tisheti ya chisankho chapita imathera m'munda, ikunyowa ndi mame a m'mawa pansi pa dengu. Choncho lamulo loletsa makaka a zipani zonse pantchito lingathe kukhala chitetezo. Wantchito amene akuumirizidwa kuvala chimene sakufuna amapeza poyankhira: akuti bwana amakana. Kapitawo amene ali ndi udindo m'chipani amalandidwa njira imodzi yodziwira yemwe ali wake ndi yemwe si wake pogawa mizere ya tiyi kapena posankha oti adzalembedwenso ntchito nyengo yokolola ikafika. M'fakitale muli chifukwa chinanso chosakanika, pakuti tiyi ndi chakudya ndipo makina opota masamba safuna nsalu yolendewera. Yunifolomu ndi ovololo pamenepo si ndale ayi.

Malamulo oyendetsera dziko amene Zimbabwe inavomereza mu 2013 sanasiye nkhaniyi m'manja mwa eni malo okha. Gawo 61 limapereka ufulu wolankhula zakukhosi, gawo 67 limapereka ufulu wotenga mbali pa ndale mwamtendere, ndipo gawo 56 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipani chake kapena maganizo ake. Chofunika kwambiri pankhaniyi ndi gawo 45, limene limanena kuti ufulu umenewu umamanga boma komanso anthu wamba ndi makampani, malinga ndi mmene ufuluwo ukuwakhudzira. Apa Zimbabwe inatsata njira ya South Africa, n'kusiyana ndi dziko la America, kumene lamulo la ufulu wolankhula limamanga boma lokha. Lamulo la ntchito nalo limaletsa olemba ntchito kusala wantchito chifukwa cha maganizo ake pa ndale. Ndipo gawo 43 linabwezera unzika anthu obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, kutanthauza kuti zidzukulu za anthu a ku Mulanje ndi ku Tete zili ndi voti, ndipo a ndale ali ndi chifukwa chobwerera ku komboni ndi mabelo a matisheti.

Ngakhale ku America komweko, makhoti anaona kuti pali malo a mwini amene amafanana ndi mudzi. Mu 1946 bwalo lalikulu la dzikolo linaweruza mlandu wa Grace Marsh, wa Mboni za Yehova, amene anamangidwa chifukwa chogawa timabuku m'tauni ya Chickasaw ku Alabama. Tauni yonseyo, misewu ndi masitolo omwe, inali ya kampani yopanga sitima za pamadzi ya Gulf Shipbuilding. Oweruza anati kampani imene yatsegula malo ake kuti anthu azikhalamo ngati m'tauni ina iliyonse singathe kuwalanda ufulu pongonena kuti nthaka ndi yake. Aliyense amene anayendapo m'komboni ya pa esiteti ya tiyi aona kufanana kwake.

Kufupi ndi kwathu kuno, bwalo la milandu ya ntchito ku South Africa linagamula mu 2018 mlandu wa pakati pa bungwe la antchito la NUMSA ndi kampani ya Transnet, imene inaletsa antchito kuvala matisheti a mabungwe awo nthawi ya ntchito. Bwalolo linati kuvala tisheti ya bungwe ndi mbali ya ufulu wokhala m'bungwelo, ndipo chiletso chongophimba zonse n'chosaloleka. Linasiya mpata woti wolemba ntchito angaletse ngati atasonyeza chifukwa chenicheni, monga chitetezo kapena ziwawa pakati pa mabungwe opikisana. Chigamulochi sichimanga makhoti a Zimbabwe, koma chimathandiza kulekanitsa zinthu ziwiri zimene olemba ntchito amakonda kuziika m'thumba limodzi. Tisheti ya GAPWUZ, bungwe la antchito a m'mafamu ndi m'maesiteti, imanena za malipiro ndi nyumba, zimene ndi nkhani za pantchito pomwepo. Kuiletsa podzinamiza kuti ndi ndale n'kutseka pakamwa anthu pa nkhani yokhayo imene ali ndi mangawa nayo kwa bwana.

Zikaunjikidwa pamodzi, mfundo zimenezi zikuloza malire amene angajambulidwe pansi. M'fakitale ndi m'munda, nthawi ya ntchito, kampani ili ndi zifukwa zomveka zokanira makaka a zipani, bola lamulolo likhale lolembedwa ndipo likhudze zipani zonse mofanana. Belu loweruka likalira, munthu n'kubwerera ku komboni, mphamvu imeneyo iyenera kuthera pomwepo, chifukwa nyumba imene wantchito akugonamo ndi kwawo ngakhale malata ali a kampani.

Vuto lagona pa mawu oti mofanana, pakuti chitsanzo chochokera kumwamba si chabwino. Mu Okutobala 2016 Trevor Saruwaka, amene anali phungu wa MDC-T wa Mutasa Central, m'boma lomwelo muli chigwa cha Honde, anatulutsidwa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa cha jekete ya mitundu ya mbendera ya dziko. Inali nthawi imene m'busa Evan Mawarire anasandutsa mbendera kukhala chizindikiro chotsutsa boma, ndipo akuluakulu anachenjeza kuti oigwiritsa ntchito molakwika aimbidwa mlandu. Pasanathe zaka ziwiri Mnangagwa anayamba kuoneka paliponse ndi sikafu ya mitundu yomweyo, ndipo mu 2022 aphungu a chipani cha CCC anauzidwa kuti mataye awo achikasu ndi makaka a chipani. Ngati nyumba yopanga malamulo ikuona chovala cha mbali imodzi ngati kukonda dziko, cha mbali ina ngati chipongwe, n'kovuta kuyembekezera zoposa pamenepo kwa mlonda wa pa geti.

Mwini esiteti nayenso sakhala womasuka monga mmene amaonekera. Chiyambire 2000 aliyense wokhala ndi malo aakulu amadziwa kuti boma lingathe kuwatenga. Roy Bennett, amene anapambana mpando wa Chimanimani pa tikiti ya MDC chaka chimenecho, analandidwa esiteti yake ya khofi ya Charleswood, ndipo antchito ake anathamangitsidwa m'nyumba zawo. Woyang'anira esiteti amene akukumbukira zimenezi angavule munthu tisheti yachikasu mosavuta, koma angaganize kawiri asanabweze pa geti munthu wovala yobiriwira. Lamulo limene papepala likuletsa onse limatha kuluma mbali imodzi yokha.

Wolakwiridwa ali ndi njira yodandaulira, kudzera ku bungwe la antchito, ku ofesi ya za ntchito kapena kubwalo la milandu. Koma ambiri mwa othyola tiyi amalembedwa kwa nyengo yochepa, ndipo nyumba imayendera limodzi ndi ntchito. Wokasuma chifukwa cha malaya amaika pachiswe denga la ana ake, ndipo safunika n'kuchotsedwa komwe: kontirakiti ikatha, dzina lake silitchulidwanso.

Pali tsiku limodzi lokha limene lamulo la kavalidwe limagwira aliyense chimodzimodzi. Pa tsiku loponya voti, malamulo a zisankho amaletsa kukopa anthu pamtunda wa mamita 300 kuchokera pamalo ovotera, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la ZEC limauza ovota kuti asabwere atavala makaka a zipani. Malo ovoterawo nthawi zambiri amakhala masukulu a pulaimale, kuphatikizapo a pa maesiteti. M'mawa umenewo kapitawo, mlonda ndi wothyola tiyi amaima pamzere umodzi atavala malaya wamba, ndipo matisheti amatsala m'nyumba mpaka zotsatira zitamveka.