Cifukwa Cake Atsogoleri a Asikh Analetsa Kumangitsira Ukwati ku Mahotela

Mu October 2023, bwalo lalikulu la cipembedzo ca Asikh lochedwa Akal Takht, ku Amritsar m'dziko la India, linaletsa kunyamula buku lao lopatulika, Guru Granth Sahib, kupita nalo ku mahotela kapena kugombe la nyanja kukamangitsira ukwati. Mabanja olemera ndiwo anazolowera zimenezi.

Cifukwa cake cimaonekera m'gurdwara, nyumba yao yolambiriramo. M'cipinda cacikulu, Darbar Sahib, bukuli limakhala pa mpando wokwezeka, pansi pa denga la nsalu, monga mfumu pabwalo. Kuyambira 1708, Asikh amalilemekeza monga Guru wao wamoyo. Wolowa amavula nsapato, amafunda kumutu, amagwada, ndipo amakhala pansi, kaya ndi nduna kapena mlimi. Mowa ndi fodya n'zoletsedwa. Pa ukwati, mkwati ndi mkwatibwi amazungulira bukuli kanai.

Ku hotela, kumene mowa ugulitsidwa pafupi, Guru amasanduka mlendo woitanidwa ndi mwini ndalama. Conco lamuloli siliteteza buku lokha ai. Liteteza malo amene wolemera ndi wosauka amalingana. Phwando lingapite ku hotela, koma ukwati umangidwe pamene onse akhala pansi.